Ndinawasoka Ngati Fodya

Anthu amati chaka chimenecho pakamwa panatseguka. Matipate anali atangobwera kumene, aliyense akulankhula zakukhosi. Ngakhale a Moffat, kapitawo wathu, amene kale ankavula chipewa akangomva kulira kwa galimoto ya bwana, anayamba kumati "ufulu wanga" pa chilichonse, ndi pobwereka khasu pomwe. Ine pakamwa panga panali potsegula kuyambira kalekale. Funsani aliyense amene anakhalapo pa esiteti ino, kuseri kwa mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, akuuzani kuti Faines sanadikire voti kuti ayambe kulankhula.

Amuna anga, a Elifala, anali opopera mankhwala m'fodya. Zaka zisanu ndi zinayi sipuleya ili kumsana, kuyambira ku nazale mu Sepitembala mpaka masamba atakhwima. Ovololo inali imodzi, yodyeka pamsana pomwe chigubu chinkadontha. Pamphuno ankamanga kachidutswa ka chitenje changa chakale. Ndikachapa ovololoyo n'kutaya madzi kuseri kwa nyumba, nyerere zinkangofa mulu pomwepo. Zaka zoyamba fungo lake linkandiwawitsa mutu, koma kenako mphuno inazolowera, ndinasiya kulimva.

Manja ndiwo anayamba. Tsiku lina m'mawa ndikuwapatsa tiyi, ndinangoona kapu ikugunda mano, tiyi n'kutayikira pamaondo. Anaseka, n'kunena kuti kwazizira. Kunali mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Pambuyo pake panabwera mutu, thukuta losatha, ndi maso oona zinthu mbuu ngati pali utsi. Ku chipatala cha ku Madisi anawayeza malungo, sanawapeze. Adokotala anafunsa ntchito yawo, ndipo atamva anati asiye kupopera.

Kusiya n'kosavuta kunena. Nyumba imene tinkagonamo inali ya esiteti. Kwathu kwa Dzoole munda wa amayi unali utagawidwa kale kwa azichemwali anga atatu, aliyense kachigawo kosakwana ndi kudyetsa mbuzi. Tinapita kwa manijala kukapempha kuti a Elifala awasinthe, apite kushedi yosankhira fodya, kumene munthu amagwira ntchito atakhala pansi. Manijalayo anati mutu aliyense amadwala, manja ngakhale a anthu akumwa kachasu amanjenjemera. Anati tibweretse umboni woti ndi mankhwala ake. A Elifala mowa sanaulaweko chibadwire, koma umboni wa zimenezo ukautenga kuti?

Ndiye mu Febuluwale, mvula ili pakati, kunabwera galimoto yoyera yodzola matope mpaka pazenera. Munatsika mayi wina wa zaumoyo wochokera ku Lilongwe, dzina lake Peggy, wamfupi, wovala majombo aakulu kuposa miyendo yake. Anasonkhanitsa opopera onse khumi ndi awiri pansi pa mtengo wa m'bawa, ife akazi tili chapatali pang'ono ngati sitikumva.

Anatulutsa timapepala tokhuthala, toyera, kalikonse kali ndi timizere tozungulira tisanu. Anati mankhwala akalowa m'thupi amatulukira mu mkodzo, ndipo kuli makina ku labotale ya kunja amene amatha kuwaona. Koma mkodzo wa m'botolo umawonongeka panjira, umafuna firiji, ndipo kuno firiji kulibe. Ukaudontheza papepala n'kuuma bwinobwino, umatha kuyenda pa positi mpaka kutsidya kwa nyanja osasintha. Kenako anaonetsa kalata. Manijala anali atasainira pamaso pa akuluakulu a zantchito kuti aliyense amene pepala lake lisonyeze mankhwala ambiri achotsedwa pa sipuleya, apite kushedi, nyumba yake osalandidwa.

Umboni uja unali utabwera wokha pa galimoto.

Koma amuna! Aliyense anangoyang'ana zala zakumapazi. Kenako a Samueli, wamkulu wa onse, anatsokomola n'kunena kuti iwo mkodzo wawo sangaupereke kwa munthu wosamudziwa, chifukwa sakudziwa kumene ukagone. Wina anati anamva kuti azungu akufuna kutseka amuna kuti asabereke. Wina anati zoterezi ndi zimene anthu amakhwimira. A Moffat nawo anati ndi ufulu wa munthu kukana.

Ndinadzuka. Sindikumbuka kuti ndinaganiza kaye.

"Inu a Samueli," ndinatero, "mkodzo womwewo mumathira pa mtengo uliwonse wa m'njira muno. Loweruka lapitali munauthira pakhoma la sitolo ya a Sabiti ku Madisi mpaka anakuthamangitsani ndi tsache. Lero wasanduka wamtengo wapatali? Amene akufuna kukhwimira mkodzo wanu akanangotenga ndowa n'kumakutsatani pambuyo!"

Akazi anaseka mpaka ena kugona pansi. A Samueli anangondiloza chala. A Elifala ndiwo anayamba kukweza dzanja, likunjenjemera choncho, ndipo ena anatsatira mmodzimmodzi, monyinyirika. Onse khumi ndi awiri analembetsa. Ndinawakakamiza ndine, zimenezo sindikana.

Mayi Peggy anafotokoza kachitidwe kake. Tsiku lotsatana ndi lopopera, mkodzo woyamba wa m'mawa, m'kakapu, kenako madontho pa timizere tija ndi kachubu kakang'ono. Akatero pepala liume pamthunzi, pamalo aukhondo podutsa mphepo. Lisaone dzuwa, lisanyowe, lisakhudzane ndi linzake, lisagone pansi. Anati iwo akupitirira ku esiteti ina ya ku Ntchisi, galimoto idzadutsa Lachisanu kudzatenga. Anayang'anayang'ana munthu womusiyira ntchitoyo, maso ake n'kugwera pa ine.

"Mayi, inu mukuoneka kuti amakumverani."

"Samandimvera, amandiopa," ndinayankha.

Anandipatsa mapepala khumi ndi atatu. Ndinati mwawerenga molakwa. Anati ayi, lakhumi ndi chitatulo musalithire kanthu, koma likhale limodzi ndi anzake kulikonse kumene angakhale. Limeneli ndi mboni. Amuna anasekanso, ati pepala lopanda pakamwa likachitira umboni ndani. Pomwepo mvula inayamba kudontha, mayiyo anathamangira m'galimoto majombo akukhuphuka.

Lachiwiri m'mamawa amuna anabwera ndi mapepala awo, aliyense atagwira pakona ngati wagwira mbewa yakufa. Mvula inali isanakate kuyambira dzulo lake. Ndinayima pakhonde ndi mapepala onyowa khumi ndi awiri ndi louma limodzi, ndikuganiza koyanika. M'nyumba mwathu munkadontha malo anayi, ndiponso munali utsi, nkhuku, ndi mwana wathu Luckness amene panthawiyo ankatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Ofesi ya a Moffat inali yokhoma, eni ake atapita kumsonkhano wa chipani.

Pamthunzi, podutsa mphepo, osakhudzana, osagona pansi. Mukamuuza zimenezo munthu wa fodya, mwamuuza chigafa choumitsiramo masamba. Palibenso china. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuumitsa zinthu mwanjira imeneyo, ndipo pa esiteti yonse panalibe mkazi wosoka fodya kuposa ine. Ena akamamaliza mkangala umodzi, kamtengo kopachikapo fodya, ine ndili pa wachitatu, masamba ali mzere bwinobwino, mfundo zosamasuka.

Ndinasankha chigafa chachitatu, kumapeto kwake, chifukwa ndi pokhapo pamene denga linali ndi pulasitiki watsopano pansi pa udzu. Sipankadontha ngakhale dontho limodzi. N'chifukwa chakenso a Moffat ankasungapo migolo ya mankhwala ndi masipuleya nthawi ya mvula. Ndinaiona migoloyo. Musaganize kuti sindinaione. Ndinaisunthira pambali pang'ono kuti ndisese bwino, poti mayi uja anati pamalo aukhondo. Ndinasesa kawiri, n'kuwaza madzi kuti fumbi lisauluke.

Ndinatenga singano yanga ya fodya ndi chingwe, n'kuboola pepala lililonse pakona, kutali ndi timizere tija. Pakati pa pepala ndi linzake ndinasiya mpata wa zala zitatu, mfundo uku ndi uku kuti mphepo isawasunthe. Mboni ndinaiika pakati penipeni kuti ione bwino anzake. Ndinapachika mkangalawo m'mwamba, pamene mbuzi kapena mwana sangafike.

Anakhala pamenepo masiku atatu. M'mawa uliwonse amuna ankabwera kudzasungunula mankhwala mumgolo pansi pake, pobisala mvula, n'kuyesa masipuleya awo kuti aone ngati akutulutsa bwino. Ankayang'ana m'mwamba n'kumaseka. "Taonani wa a Samueli, wachita chikasu ngati giredi yoyamba!" Ngakhale a Samueli omwewo anati koma mayi a Luckness ntchito mumaitha. Ndinanyada. Ndinkapita kawiri pa tsiku kukawayendera.

Lachisanu anali atauma gwa. Ndinadula chingwe, n'kuika lililonse mu envelopu yake monga anandiuzira. Galimoto inabwera ndi dalaivala yekha, Mayi Peggy atatsalira ku Ntchisi. Anawerenga maenvelopu, anakwana khumi ndi atatu, anapita.

Miyezi yodikira ija a Elifala anasintha. Manja sanasiye kunjenjemera, koma munthuyo anapepuka. Kupopera kutatha mu Malichi anatsuka sipuleya yawo bwinobwino, n'kukaipereka kusitolo ya esiteti, ndipo pobwera anandiuza kuti aitsanzika. Kachitenje ka pamphuno kaja anandipatsa kuti ndizipukutira miphika. Masana akapeza mpata ankapita kushedi, n'kukhala pambali pa osankha fodya, akuphunzira kusiyanitsa masamba. Ankayandikitsa tsamba pafupi ndi maso, n'kulitembenuza, n'kufunsa ngati alondola. Nthawi zambiri ankalondola.

"Mayi a Luckness," anandiuza tsiku lina, "kushedi kuja kuli benchi la pafupi ndi khomo, pamene pamawala bwino. Ndikapempha pamenepo."

Ndinati mukapemphe msanga ena asanalande. Sindinkakayika ngakhale pang'ono. Munthu wake ndinkagona naye, thukuta lake ndinkalidziwa. Makina akanaona chiyani china?

Mayi Peggy anabwera mu Julaye, tsiku la mphepo yozizira yochokera kumapiri. Tinasonkhana pansi pa m'bawa womwe uja, manijala atakhala pampando, a Moffat ataima kumbuyo kwake. Mayiyo sanavale majombo ulendo uno. Anagwira kalata ndi manja awiri, ndipo sanayambe ndi nthabwala ngati poyamba paja.

Anati a ku labotale apeza mankhwala ambiri pa mapepala onse. Amuna anayamba kung'ung'udza mokondwa, wina mpaka anawomba m'manja. Mayiyo anakweza dzanja kuti adikire. Anati apezanso mankhwala pa mboni, pepala lija lopanda mkodzo, ochuluka kuposa a pa mapepala ena. Kutanthauza kuti mankhwalawo anagwera pa mapepala kuchokera kunja. Tsopano makina sangasiyanitse amene anatuluka m'thupi la munthu ndi amene anachokera mumpweya. Zotsatira zonse azitaya.

Ine ndinamva mawuwo bwinobwino, lililonse palokha, koma sanalowe.

"A ku labotale afunsanso za timabowo," anapitiriza. "Pepala lililonse lili ndi kabowo pakona. Mayi Faines, munayanika kuti?"

Ndinadzuka n'kuyamba kuyenda, iwo n'kumanditsatira, gulu lonse pambuyo. Chigafa chachitatu chinali chopanda fodya tsopano, mikangala yokhayokha. Ndinaloza m'mwamba. Kachingwe kanga kanali kadakali pomwepo, kakulendewera poduka paja, mfundo zake zikuonekabe. Mayi Peggy anayang'ana kachingweko, kenako anatsitsa maso pa migolo inayi imene inali pansi pake, ndi dothi lakuda lozungulira pamene ankasungunulira. Anagwira pamphuno. Ine sindinkamva fungo lililonse.

Ndinkafuna andikalipire. Akanati chitsiru, ndikanadziwa choyankha, pakamwa pakanatseguka pokha. Koma anangoti, motsitsa, "Ndalakwa ndine. Ndinayenera kudzaona malo ndisanachoke."

"Munati pamthunzi," ndinatero. Mawu anga anamveka ngati a munthu wina. "Munati podutsa mphepo. Ndinasesa."

"Ndikudziwa, mayi."

Pamenepo a Elifala analankhula, anthu onse akumva. Anati malowo anasankha ndi iwo, mkazi wawo anangosoka. Linali bodza, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, chifukwa tsiku limenelo iwo anali kumunda. A Samueli analavula pansi n'kutuluka m'chigafamo osayang'ana munthu. Ena anawatsatira. Anali amuna omwe aja amene ankasungunula mankhwala pansi pa mapepalawo masiku atatu akuseka, koma singano inali yanga.

Manijala anapempha kalata ija, anaiwerenga mpaka pansi, n'kuipinda kanayi.

"Ndiye kuti palibe chimene chapezeka," anatero.

Mayi Peggy anati si choncho, chapezeka koma sichingawerengedwe. Anati manja a bambowa aliyense akuwaona, sipakufunika makina. Manijala anati iye anasainira za pepala, osati za manja, ndipo pepala likadzabwera labwino adzachita zimene analonjeza. Analankhula mwaulemu ndithu. Anthu anatembenukira kwa ine, akazi makamaka, kudikira kuti Faines ayambe. A Moffat mpaka anasuntha pang'ono kundipatsa njira. Ndinayang'ana kachingwe kaja. Ndinalibe mawu, ndipo sikuti ndinkawabweza. Munalibiretu.

Tikuperekeza mayiyo ku galimoto, a Elifala anafunsa ngati angathe kuyezanso. Mayiyo anati mkodzo uyenera kutengedwa nthawi yopopera, ndiye mpaka mvula ikubwerayi, akawapatsa mapepala ena ndi galimoto. Anati ayesetsa. Ndikukhulupirira kuti anayesetsadi. Chakumapeto kwa chaka kunabwera kakalata kake kudzera kwa a Moffat, konena kuti ntchito ija inatsekedwa, iwo awatumiza kwina, ndipo akupepesa kwambiri. Pansi pake analemba kuti moni kwa Mayi Faines.

Sindinalire tsiku la m'chigafa lija, ndipo sindinalirepo mpaka lero. Anthu amaganiza kuti ndi kuuma mtima. Mwina. Ndinapita kunyumba, ndinaphika, tinadya. A Elifala sanatchulepo nkhaniyo, ngakhale kamodzi, ngakhale pokangana. Kushedi anasiya kupitako. Akazi a opopera ena anakhala miyezi iwiri osandiyankha moni pachitsime, kenako anayambiranso, poti nyengo yosoka ikafika aliyense amafuna kukhala pafupi ndi ine kuti ndimuthandize kumaliza mikangala yake. Ndimawathandiza. Pakamwa pokha ndi pamene sipanabwerere. Wina akalakwitsa ndimangoona, n'kupitiriza zanga.

Sepitembala atafika, a Moffat anabwera m'mawa ndi mndandanda wa ku nazale. Dzina la a Elifala linali lachiwiri. Anapita kusitolo ya esiteti, anawapatsa sipuleya yomwe ija imene anaitsanzika, poti inali ndi nambala yawo. Anabwera nayo pakhomo n'kuikhazika pakhonde. Anafunsa ngati kachitenje kaja kadakalipo. Ndinali nditapukutira kale miphika mpaka kuda, ndiye ndinang'amba kena ku chitenje china.

Lamba wa sipuleyayo chomangira chake chinali chitathyoka, pamafunika kumanga mfundo pachifuwa. Anayesa okha. Zala zinkangovina pa lambayo, kugwira uku, kutaya uku. Anayesa kachiwiri, kachitatu, atatembenukira kukhoma kuti ndisaone. Luckness anali ataima pakhomo akuyang'ana bambo ake.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga chingwe cha fodya. Ndinawatembenuza, ndinakweza chigubu kuti chikhale bwino pamsana, pamalo odyeka paja, n'kudutsitsa chingwe m'malamba onse awiri. Mpweya wawo unkandigunda pamphumi.

"Mangitsani, mayi a Luckness," anatero. "Ingagwe m'njira."

Chaka chino ndi chachitatu ndikuwamangira chingwe. Tsopano tiyi ndimawamwetsa ndine, ndipo mizere ya fodya amaiyenda potsatira amene ali patsogolo pawo, chifukwa maso aja anaonjeza. M'mawa uliwonse wopopera amaima pakhonde, n'kutambasula manja pang'ono kuti ndidutsitse chingwe. Ndimamangitsa. Sinagwepo ngakhale tsiku limodzi.